Kachewere wa Yotamu pa Galimoto ya Amereka

Tamanda, tsitsa foniyo. Nawenso Jeremaya, zula tizinthu ta m'makututo. Ndikudziwa ukundimva, ugonthi wakowo umatha ukangomva fungo la chipisi. Amayi anu ali pa shifiti ku chipatala cha New Cross, abambo anu atsekeredwa ku weyahausi ku Coventry mpaka madzulo, ndiye lero boma la nyumba ino ndine. Lamulo loyamba: wina akweze hita. Dziko lanuli dzuwa limatuluka ngati munthu wokakamizidwa kupita kumaliro a mdani wake, kungoonetsa nkhope basi labwerera.

Iwe Tamanda ndakumva chiyambire m'mawa ukung'ung'udza za homuweki yakoyo, zoti nkhondo yaikulu itatha Amereka anagwidwa mantha ndi chikomyunizimu cha ku Rasha, n'kuyamba kumwaza chakudya, makobidi ndi asilikali m'maiko a eni kuti chisafalikire. Ndiye ukufunsa foni. Foni inaliko? Mboni ili pampando pano ikunjenjemera ndi chisanu, iwe uli kalikiliki kufunsa kagalasi. Nkhondo yolimbana ndi chikomyunizimuyo ine ndinamenya nawo, kumbali ya Amereka. Ukuti chiyani, Jeremaya? “No way”? Khala pansi umve. Mfuti sindinagwirepo. Chida changa chinali chimkuzamawu ndi pakamwa pomwepa, nthawi imeneyo mano ali okwanira.

Aphunzitsi anu akuuzani za kuno ku Ulaya, za mizinda yophwasuka ndi mabomba imene Amereka anathandiza kudzutsa. Kwathu nkhondoyo inafika mochedwa, ngati basi ya ku Ntcheu. Inafika ulamuliro wa Angelezi ukupuma wefuwefu, ufulu uli pakhomo. Amereka anaona kuti Mngelezi akumanga katundu, ndipo anaopa kuti nyumba ikangotsala pululu alowamo Arasha. Zoti m'nyumbamo munali ife eni ake, zimenezo anazikumbukira pambuyo pake.

Ine apo ndinali mnyamata wa ndevu zanga kale, Wilisoni Ngozo, wa Sitandade Sikisi, imene masiku amenewo inkalemera kuposa madigiri amene anthu akuyendetsera mataxi ku Wolverhampton kuno. Ndinkayeza nsalu m'sitolo ya mmwenye wina ku Limbe, mpaka anandichotsa chifukwa ndinkacheza ndi makasitomala mpaka iwo kuiwala chimene abwerera. Ndili pa ulova, ndinamva kuti Amereka atsegula kaofesi ku Blantyre ndipo akufuna munthu wodziwa Chizungu, wosatopa kulankhula. Ndinati ntchito imeneyi Mulungu anailenga akuganiza za ine.

Ndinapeza mzungu wamtali ngati mtengo wa bulugama, tsitsi lometa ngati burashi ya nsapato, miyendo ili pa tebulo. Nsagwada zake zinkayenda osapuma, koma osameza kanthu. Dzina lake anali Halodi, koma kulikonse kumene tinayenda ankamutchula Chingamu. Anandiyang'ana n'kufunsa m'Chizungu chake cha m'mphuno chija: “Kodi ndiwe mkomyunisiti?”

Ndinati, “Ayi bwana, ndine Mngoni wa ku Ntcheu.”

Anaseka mpaka chingamu chinathawira kunsi kwa tebulo. Ntchito ndinayamba tsiku lomwelo.

Ntchito yake inali yoyenda m'midzi kuonetsa kanema. Inu mumangodina chala kanema n'kutulukira, mwina atatu nthawi imodzi, osamaliza ndi mmodzi yemwe. Ife tinkanyamula jenereta yolemera ngati mwana wa ng'ombe, makina oonetsera, chinsalu choyera, ndi mafilimu okulungidwa m'zitini zobulungira ngati malichero. Tikafika tinkapempha tchalitchi kapena kalasi, n'kutseka mawindo ndi mabulangete kuti mukhale mdima masanasana. Chingamu ankayendetsa yekha galimoto ndi makina, ine n'kuima kutsogolo kumasulira zimene kanemayo akunena.

Munthuyo anali wosokoneza. Azungu amene tinawazolowera ankakhala kumbuyo kwa galimoto n'kumatiitana ndi chala. Uyu anandikhazika pambali pake, ankadya chimanga chootcha pamsewu, ndipo ankalimbikira kuti ndizimutchula dzina lake lenileni. Mzungu, dzina lenileni! Ndinayesa kamodzi, lilime linakana.

Tinkanyamulanso mkaka wa ufa, mphatso yochokera kwa anthu a ku Amereka. Mkaka umenewo unathamangitsa midzi yathunthu kutchire, chifukwa mimba zathu sizinauzolowere. Ena anauyesa laimu n'kupaka nyumba, nyerere n'kuwathokoza. Koma zitini zake zinali chuma: nyali za koloboyi, makapu, zotungira madzi. Matumba ake amayi ankasoka makabudula a ana. Pa thumba lililonse panali chithunzi cha manja awiri akupatsana moni, ndipo sindidziwa chifukwa chake, manjawo nthawi zonse ankagwera pa matako. Ukaona mwana akuthamanga kutsogolo kwako, umaona ubale wa Amereka ndi Nyasalandi ukugwedezeka.

Vuto langa loyamba linali mawu omwewo. Ndinafunsa Chingamu kuti chikomyunizimucho n'chiyani kwenikweni, kuti ndipeze Chinyanja chake. Iye anati ndi pamene boma limatenga zonse zimene munthu walima. Ndinati, “Bwana, chimenecho tili nacho kale, chinabwera ndi Angelezi.” Anati ayi ayi, ndi pamene anthu amakakamizidwa kulima munda umodzi pamodzi. Ndinati kwathu timatero pa dima, ndipo pamakhala mowa. Anagwira mutu. Mapeto ake ndinangowasiya mawuwo mmene analili, ndipo anthu ambiri anaganiza kuti ndi matenda a ng'ombe, ena n'kumati a ana. Mayi wina ku Balaka anabwera ndi mwana kumsana kudzafunsa ngati katemera wake tili naye.

Panali kanema mmodzi amene Chingamu ankamudalira kwambiri. Ankaonetsa anthu a ku Rasha atandanda pa mzere wautali m'chipale chofewa, nkhope zakugwa, kudikira buledi. Iye ankayembekeza kuti anthu agwira pakamwa ndi chisoni. Koma m'malo mwake munthu mmodzi kumbuyo ankakuwa: “Taonani, onsewo avala nsapato!” Wina: “Ndi majasi omwe!” Wina: “Buledi akulandira tsiku lililonse? Dzikolo lili kuti, pansi n'kufika?” Ndinayamba kuthira zanga. Ndinkati nsapatozo ndi zobwereka, kanema akatha azibweza. Ndinkati kumeneko nkhuku yako ikaikira dzira umakalipereka ku boma likadali lofunda, ndipo ukachedwa amamanga nkhukuyo. Apo anthu ankakuwa ndi mkwiyo, Chingamu n'kumagwedeza mutu mosangalala kuti uthenga walowa.

Koma musamuone ngati chitsiru, ana inu. Tsiku lina tinaima pa mlatho wa Linthipe kuti injini izizire, tikudya nthochi. Mosayembekezera anandiuza kuti mng'ono wake anafera ku Koreya, pa phiri lina lozizira limene ngakhale dzina linalibe, pa nkhondo yolimbana ndi anthu omwewa. Anati amayi ake ankayalabe bedi la mwanayo. Ananena zimenezi akuyang'ana madzi, kenako anaponya khoko la nthochi n'kuliza galimoto. Kwa ine inali ntchito yodyera. Kwa iye inali maliro osatha.

Tsono tinafika pa kamsika kena kumapiri a Dedza, kufupi ndi malire, kumene kumazizira pafupifupi ngati kuno koma anthu ake amapatsana moni. Kumeneko ndinakumana ndi agogo anu aakazi, Esinati, amene inu mumangowaona pa chithunzi chili pamwamba pa TV icho atavala duku la chigwirizano ngati mngelo. Sanali mngelo. Ankagulitsa kachewere wootcha, mbatatesi zomwezi mumadya chipisi, ndipo nditayandikira ndi tayi wanga anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, “Ndinu aja mumakuwa m'galimoto? Mawu aakulu chonchija ndimayesa ndi munthu wamkulu.” Atsikana onse pamsika anagwa ndi phwete. Ine ndinagula kachewere yense amene anali pa mbaula, ndipo usiku wake mimba inandilanga.

Titabwerera ku Blantyre ndinauza Chingamu kuti dera limenelo ndi loopsa, chikomyunizimu chikhoza kulowera pamalire, tiyenera kumapitako pafupipafupi. Anandiyamikira chifukwa cha khama.

Esinati anali ndi achimwene ake, Yotamu, amene ankaimira banja lonse chifukwa malume awo anali atamwalira. Wofuna kukwatira Esinati ankayenera kudzera kwa iyeyo. Yotamu anali atangobwera kumene kuchokera kumigodi ku Joni, ndipo anabwerako ndi zinthu zimene zinamuvutitsa moyo wonse: wayilesi, ndi chizolowezi chofunsa mafunso pagulu. Anapeza alimi a kachewere akugulitsa zokolola zawo motchipa kwa a Kachingwe, mwini sitolo ndi lole yokhayo m'deralo. Yotamu anawasonkhanitsa n'kuti, “Bwanji tiunjike kachewere wathu pamodzi, tiitane lole yathu kuchokera m'tauni, tikagulitse tokha ku Limbe?” Alimi anavomera. A Kachingwe sanakondwe, ndipo anayamba kunong'oneza ku polisi kuti mnyamata wa wayilesi uja amamvera za ku Rasha. Umboni analibe. Wayilesiyo inkagwira chilichonse chimene mphepo yabweretsa, makamaka nyimbo za ku Kongo.

Tsiku la tsokalo tinaonetsa kanema m'tchalitchi, anthu atadzaza mpaka pa mawindo. Pa benchi la kutsogolo panakhala mzungu wa polisi wa ku boma, mnyamata watsopano amene Chinyanja chake chinkathera pa “bwera kuno”, ndipo pambali pake a Kachingwe atavala jekete la pa Khirisimasi. Kanema atatha tinachotsa mabulangete, Chingamu n'kunena monga mwa masiku onse kuti amene ali ndi funso afunse. Kawirikawiri anthu ankafunsa za mkaka. Koma Yotamu anaimirira.

“A Ngozo, tamufunseni mzungu wanuyo. Watisonyeza mavuto a ku Rasha, tathokoza. Koma ine ndamva pa wayilesi kuti kwawoko, mumzinda wa Birmingham, apolisi akulumitsa agalu ana a anthu akuda ngati ife, chifukwa chofuna kudya m'hotela imodzi ndi azungu. Kanema wa zimenezo wamusiya kuti? Ndi agalu amtundu wanji olumitsa ana?”

Musatong'ole maso, si Birmingham yanuyi mumakwerera tramu kukawononga ndalama za amayi anu. Ilipo ina ku Amereka. Ineyo ndinazisiyanitsa mochedwa. Amayi anu atabwera kudzatiuza kuti apeza ntchito ya unesi kufupi ndi Birmingham, chinthu choyamba chimene ndinafunsa chinali cha agalu. Anandiseka sabata yonse. Ndafika kuno ndapeza agalu ake amavala majuzi, munthu wamkulu ndi ndevu zake akuwatsatira pambuyo ndi kapepala kutola zimene asiya. Dziko limazungulira ndithu.

Tibwerere m'tchalitchi muja. Ndinayang'ana mzungu wa polisi, ndinayang'ana Esinati ali mbali ya amayi, ndipo ndinaona ukwati wanga ukulowa m'ndende pamodzi ndi mlamu wanga. Ndiye ndinatembenukira kwa Chingamu n'kunena m'Chizungu chaulemu, “Bwana, mkuluyu ndi mlimi. Akufunsa kuti kachewere wa kwanu amakula bwanji.”

Chimene sindinkadziwa n'chakuti bambo ake a Chingamu anali mlimi wa kachewere. Nkhope yake inawala ngati mwana. Anatambasula manja kusonyeza kukula kwake, chonchi! Anachita ngati akusenda, akuduladula, akuponya m'mafuta. Anadzisisita pamimba. Ananyambita chala. Anthu amene anamva funso la agalu anaona zonsezi ndi maso awo. Mayi wina anakuwa, “Mayo ine, amadyanso agaluwo!” Ana anayamba kulira.

Ine ndinagwira chimkuzamawu mwamphamvu n'kunena, “Bwana akuti nkhaniyo ndi yaikulu chonchi, ikuwadula mtima, ikuwapweteka m'mimba, ndipo mwaona nokha anyambita chala kulumbira kuti itha.”

Kunena zoona, pa ntchito yonse imene ndagwira pa moyo wanga, imeneyo ndiyo ndimanyadira. Zikanathera pomwepo. Koma Yotamu anali atatola Chizungu kumigodi, chothyokathyoka koma chomveka. Anandiyang'ana n'kuti, “A Ngozo, ine sindinafunse za kachewere.” Kenako anabwereza funso lonse m'Chizungu, pang'onopang'ono, kuti aliyense wa khungu loyera m'nyumbamo amve.

Nsagwada za Chingamu zinaima. Kanali koyamba kuziona zitaima. Anachotsa chingamu m'kamwa, n'kuchigwira m'manja osadziwa pochiika. Kenako anati, “Wili, umasulire ndendende zimene ndinene, osawonjezera.” Ndipo anati: “Ndi zoona. Zikuchitikadi kwathu. Ndi zamanyazi. Kanema wake ndilibe chifukwa sanandipatse.”

Ndinamasulira ndendende. Zinandivuta ngati kuyenda ndi nsapato za munthu wina. Anthu anatuluka mwakachetechete, ndipo ndinaona a Kachingwe akuweramira ku khutu la mzungu wa polisi.

M'mawa mwake, ndikusamba kumaso kuseri kwa resitihausi imene tinagona, ndinangoona Esinati ali poteropo, wopanda duku, mapazi ali mame okhaokha. Moni sanapereke.

“A Ngozo, galimoto yanu ija yatibweretsera chiyani kuno? Mkaka wotsegula m'mimba ndi unyolo. Achimwene awatenga kukucha, wayilesi yomwe. Akuti ndi akomyu, akomyu chiyani kaya, matenda anu aja. Ngati pakamwa panupo pali ndi ntchito ina kupatula kunyengerera atsikana pamsika, kawatulutseni. Apo ayi, njira ya kwathu muiiwale.”

Anatembenuka n'kumapita, sopo akundilowa m'maso.

Chingamu ndinamupeza akumanga zitini za mafilimu. Poyamba anakana. Anati iye ndi mlendo m'dziko muno, akuluakulu ake analetsa kulowerera nkhani za polisi ya Angelezi, akhoza kutaya ntchito. Ndinati, “Bwana, mwezi ndi mwezi ndakhala ndikuuza anthu kuti ku Rasha munthu akafunsa funso, m'mawa mwake amasowa. Lero aona okha popanda jenereta. Ndikadzaimanso kutsogolo ndidzanena chiyani?” Anapitiriza kumanga zitini zake. Ndiye ndinawonjezera, “Komanso ndikufuna kukwatira mlongo wake.”

Anasiya zitini n'kundiyang'ana. “Ndiye n'chifukwa chake chikomyunizimu chinachuluka dera lino?”

“Chinali pafupi kwambiri, bwana.”

Anatukwana mawu amene sindingawabwereze pamaso pa Tamanda, n'kutenga makiyi.

Ku boma tinapeza mzungu wa polisi uja akumwa tiyi. Chingamu anakhala pansi asanauzidwe, n'kuponya chipewa pa tebulo la mwini wake. Ine ndinaima pakhomo. Ana inu, ndinkadziyesa katswiri wa bodza, koma tsiku limenelo ndinaona mphunzitsi wanga. Chingamu anati, “Mwamanga wantchito wanga. Imeneyi ndi njira yatsopano ya ku Amereka. Timadzala munthu wathu m'gulu kuti afunse funso lovuta, ife n'kumaona amene awombe m'manja.”

Wapolisi anati, “Nanga bwanji sananene pamene timamufunsa?”

“Chifukwa ndi wantchito wabwino.”

Mngelezi uja sanakhulupirire ngakhale pang'ono, zinkaoneka pa mphuno pake. Koma poti ufulu unali pakhomo, anali atatsala pang'ono kubwerera kwawo, ndipo sankafuna kukangana ndi Amereka chifukwa cha mlimi wa kachewere. Anati, “Mutengeni. Koma ngati ndi wantchito wanu, ndizimuona pa galimoto yanu. Ndikangomupeza akuyenda yekha n'kumachititsa misonkhano, abwerera muno.” Wayilesi sanabweze. Ndikukhulupirira inakafika kuno ku Mangalande, mwina ili m'nyumba ina ku Dudley.

Yotamu anatuluka mlomo utatupa, atagwira thalauza ndi dzanja chifukwa lamba anamulanda. Titalowa m'galimoto ndinamufotokozera zonse. Titadutsa msika wa pa boma anati, “Ndiye kuti tsopano ndine ndani?”

Ndinati, “Ndinu msilikali wa Amereka, achimwene. Jenereta ija muzinyamula ndinu.”

Umu ndi mmene mkomyunisiti yekhayo amene dera la Dedza linatulutsa anayambira kulimbana ndi chikomyunizimu, atavala malaya a khaki. Awiriwo ankakangana msewu wonse, Chingamu pa chiwongolero, Yotamu kumbuyo pa zitini, ine pakati kumasulira pamene Chizungu cha kumigodi chathera, n'kumachepetsako tsabola mbali zonse. Yotamu ankafunsa chifukwa chimene dziko lolemera chotero limaopera anthu odikira buledi. Chingamu ankafunsa ngati Yotamu akuganiza kuti ku Rasha akanatuluka m'chitokosi ndi mlomo umodzi wokha wotupa. Pofika madzulo ankagawana chimanga chimodzi.

Koma kumudzi zinthu zinaipa. Dalaivala wa lole imene alimi anaitana atamva kuti kachewereyo ndi wa akomyunisiti anakana kubwera. Matumba anaunjikana pansi pa mtengo pamsika, mvula ili pafupi, kachewere n'kuyamba kutulutsa maso. Chimenecho chinali chakudya, fizi ndi msonkho wa mabanja ambiri, ndipo onse anadalira mawu a Yotamu. A Kachingwe ankadutsa m'mawa uliwonse, manja kumbuyo, kufunsa mwaulemu ngati alimi aganiza bwino, mtengo wawo n'kumatsika tsiku ndi tsiku. Ena anayamba kutukwana Esinati pa chitsime.

Titafikanso kumeneko, Chingamu anatsika n'kupita pa muluwo. Anamasula thumba limodzi, anatenga kachewere, anamukanda ndi chikhadabo, anamununkhiza. Mwana wa mlimi. Anati, “Uyu sabata ina safika.” Anaima pamenepo akutafuna, akuyang'ana matumba, akuyang'ana galimoto. Kenako anati, “Tsitsani mafilimu.”

Mafilimu onse, Arasha ndi nsapato zawo, tinawatsekera m'kachipinda ka abusa. Galimoto ya boma la Amereka, ya mbendera pa chitseko, inadzaza kachewere mpaka matayala kuphwatalala. Tinapita ku Limbe n'kubwerera, kupita n'kubwerera, mpaka pansi pa mtengo paja panatsala masamba okha. Pamsika wa Limbe ndinayatsa chimkuzamawu: “Kachewere wa ufulu! Wolimbana ndi chikomyunizimu! Mukadya uyu simudwala!” Amayi ankalimbirana. Sindinaonepo uthenga wa Amereka ukulandiridwa ndi manja awiri ngati masiku amenewo.

Zoterezi sizibisika. Wina anakanena ku ofesi, ndipo pasanapite nthawi Chingamu anaitanidwa kwawo. Amene anabwera m'malo mwake ankakhala kumbuyo kwa galimoto, ndipo anapeza womasulira wina amene ankamasulira zoona zokhazokha. Ndinamva kuti anthu anasiya kubwera. Tsiku lotsazikana Chingamu anandipatsa tayi wake, n'kupatsa Yotamu nsapato zake zazikulu ngati mabwato. Anati adzalemba. Mwina analemba, ife tinasamuka. Sindinamvenso za iye.

Ukwati unachitika chaka chomwecho. Yotamu anavomera, koma anati Mngoni kapena ayi, kwawo mkamwini amayamba wagwira khasu. Ndinalima kachewere dzinja lathunthu ndi manja oyezera nsalu awa, agogo anu akundiseka pa mzere uliwonse. Kenako tinasamukira ku Ndirande, ine n'kupeza ntchito yolengeza mabasi pa depoti, pakamwa pomwepa. Ufulu unabwera, tinavina mpaka fumbi kutseka dzuwa. Gulu la Yotamu linakula, linagula lole yakeyake yakale, yoliza ndi chitsulo kutsogolo. Zaka zimenezo zinali zokoma.

Koma mawu aja akuti “mkomyunisiti” sanakwere ndege ndi Chingamu. Anatsala, ndipo boma lathu lomwe linawatola n'kuwasunga bwino. Patapita zaka, kunabwera lamulo lakuti mbewu zina zizigulitsidwa ku misika ya boma yokha, pa mtengo wonena iwo. Pa msonkhano wa chipani, pamaso pa akuluakulu ochokera ku Lilongwe, munthu wina wa nsapato zazikulu anakweza dzanja. Simufunikanso kuuzidwa kuti anali ndani. Anafunsa mwaulemu kuti kodi zimenezi zikusiyana pati ndi zija tinkaonetsa pa kanema.

Ulendo uno anamutenga anyamata athu omwe, ana obadwa iye akuona. Khoti kunalibe. Ine ndinavala tayi uja n'kupita ku boma ku Dedza, ofesi yomwe ija, tebulo lomwe lija, koma pampando panali munthu wakuda ngati ine. Ndinalankhula Chichewa, ndinalankhula Chizungu, ndinayamba ngakhale kupeka nkhani. Anandisiya ndimalize, kenako anafunsa mofatsa, “A Ngozo, muli ndi ana?” Ndinati eya. Anati, “Pitani mukawalere.”

Ndinapita kukawalera. Amayi anu anabadwa malume awo ali m'kati, anayamba kuyenda, anayamba sukulu, osawaonapo. Kumene anamusunga sitinkadziwa. Agogo anu ankaphika chakudya n'kupita nacho ku ndende iyi ndi iyo, n'kubwera nacho chozizira. Lole ija inachita dzimbiri pamsika mpaka ana anaisandutsa nyumba ya masanje. Dzina la Yotamu tinkalitchula chonong'ona, ngakhale m'nyumba mwathu momwe.

Tsiku lina masana, Loweruka, ndili pakhonde kukonza njinga, panaima nkhalamba pa mpanda, itanyamula kajumbo. Agogo anu anayesa wopemphetsa, n'kulowa m'nyumba kukatunga madzi akumwa. Akutuluka ndi kapu, nkhalambayo inati, “Esi.” Palibe wina ankawatchula choncho. Kapu inagwa.

Yotamu tinamukhazika pa mpando wanga. Mano akutsogolo analibe, tsitsi lonse mbuu. Ana anaima patali kumuyang'ana. Anakhala nthawi yaitali akungoyang'ana msewu, anthu akudutsa, mabasi akulira kumunsi.

Kenako anatembenuka. “Alamu, kodi chikomyunizimu chija chinafika?”

Ndinati, “Ayi achimwene, sichinafike.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. “Ndiye kuti tinapambana.”

Anayamba kuseka, nkhama zokhazokha, mapewa akugwedezeka, ndipo nane ndinaseka mpaka kutsamira njinga. Agogo anu anaimirira n'kunena kuti akukaona nkhuku kuseri kwa nyumba. Nkhuku tinalibe.